Mkamwini Amene Anatema Msangu

Panali munthu wina wa kumapiri a ku Thyolo amene anakakwatira kuchigwa cha Bwanje, nakhala chikamwini kwawo kwa mkazi. Munthuyu sanali waulesi. Ndanena izi poyambirira kuti musamuweruze msanga. Khasu ankalidziwa, ndipo zikhatho zake zinali gwa.

Atabereka mwana woyamba, malume a mkazi wake, amene anali mwinimbumba, anamulozera munda wakewake. Unali munda waukulu koma wa nthaka yotopa. Chakumapeto kwake kunali mtengo umodzi, waukulu woti anthu atatu sangaukumbatire. Anthu a kumeneko amautcha msangu. Misangu ina ya m'deralo anthu anali atatha kale kuotchera njerwa, ndipo unatsala ndi uwu wokha. Mkamwiniyu mtengo wotere sankaudziwa, chifukwa kwawo kumapiri sumera.

Mvula itagwa, dziko lonse linabiriwira. Mitengo ina yonse inavala. Koma msangu uja unali chiimire, nthambi zokhazokha, mbuu, wopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Kwawo kwa munthuyu, mtengo wopanda masamba pakati pa dzinja ndi nkhuni basi. Choncho anauyang'ana kamodzi, n'kugamula mlandu: wafa uwu.

Mkazi wake, Nangondo, anamuuza kuti, "Bambo a Lonjezo, mtengowu ndi wamoyo. Tiyeni tidzale pansi pakepo. Chakudya chili pamenepo."

Iye anaseka. "Nangondo, maso ndili nawo. Mbewu yanga sindingataye pansi pa chinthu chakufa, choti tsiku lina nthambi n'kuthyoka n'kutiphera mwana."

Amuna inu, musandiyang'ane choncho. Kuseka kumeneko mukukudziwa.

Ndiye anasiya malo onse ozungulira mtengowo osalima, nakaunda mizere yake kutali.

Mwina mukufunsa kuti, kodi sanauonepo uli ndi masamba? Ayi ndithu. Chaka chilichonse mvula ikamalekeza, ankanyamuka kukadula nzimbe ku minda ya kutali, zokolola n'kusiyira mkazi. Ankabwera mvula yoyamba itagwa kale. Mtengowo ankaudziwa theka la chaka lokha, koma iye ankayesa kuti akuudziwa wonse.

Tsono m'mundamo munali kaufiti. Amene munagwirapo khasu mukumudziwa. Ndi kaudzu kakang'ono ka maluwa ofiira, kokongola kumene mukakaona. Koma ntchito yake amaigwirira pansi. Amaluma muzu wa chimanga mmera ukadali wanthete, n'kumayamwa mwakachetechete. Pamene duwa likutuluka pamwamba kuti mulione, chimanga chimakhala chitatha kale. Ndipo malo amene amakonda ndi nthaka yanjala.

Chaka choyamba mkamwini anazula kaufiti ndi manja, mzere ndi mzere. Wamera. Chaka chachiwiri anazula, kuunjika, n'kutentha, nalumbira pamaso pa mkazi wake kuti chaka chino athana naye. Wameranso, kuposa kale. Chaka chachitatu ankalawirira mame asanaume, kukwawa ndi maondo mpaka zala kutuluka magazi. Chilichonse chimene sichinali chimanga ankachisadza, ngakhale timitengo taminga timene tinkamera apa ndi apo. Koma pofika mwezi wa Febuluwale munda wonse unali psuu, ndipo chimanga chinamasula chikadali cholekeza m'maondo, chachikasu, chomvetsa chisoni.

Tsiku lina malume aja anabwera kumunda. Anayenda m'mizere, kenaka anaima.

"Akamwini," anatero, "sindikunena kuti simulima. Ndimakuonani. Koma mbumba yanga sidya thukuta. Zaka zitatu tsopano ana anu akukadya m'makomo mwa eni. Ndikupatsani dzinja limodzi. Mundawu ukadzaonekanso chonchi, mudzatenge bulangete lanu muzipita kwanu."

Mukudziwa mmene zimakhalira. Mkamwini akamapita amapita yekha. Mkazi amatsala, ana amatsala. Apa n'kuti ana ali awiri, ndipo wamng'onoyo anali atangoyamba kumene kuitana kuti "ababa." Munthuyu mtima unamupweteka kwambiri, ndipo anachita mantha.

Munthu akalephera amafuna wom'loza chala. Anakweza maso, naona msangu uja uli chiimire kumapeto kwa munda, wotuwa pakati pa zobiriwira. Anati mumtima mwake, tsoka lonseli likuchokera apa. Munda ungabereke bwanji uli ndi mtembo?

M'mawa mwake ananola nkhwangwa. Nangondo anamutsatira mwana ali kumbuyo.

"Bambo a Lonjezo, chonde, dikirani miyezi iwiri yokha. Mukadzaupeza wouma, nkhwangwayo ndidzakunolerani ndine."

Mwamunayo anafika pa mtengo paja. Analavulira m'manja, naponya nkhwangwa. Kho! Anaponyanso. Kho! Koma kulira kwake kunamudabwitsa. Mtengo wouma umalira mokweza, ndipo nkhwangwa imanjanja. Uwu unkalira motsika, nkhwangwa n'kumakanirira m'kati. Ataponya kachitatu, chibanthu chinathetheka n'kugwera pa phazi pake. Anachitola. Chinali chonyowa. Anachinunkhiza. Chinkanunkhira uwisi. Atayang'ana pa bala paja, anaona madzi a mtengo akutsika pang'onopang'ono pa khungwa.

Anangoti kakasi, nkhwangwa ili m'manja. Anausiya mtengowo, nabwerera kunyumba.

Nthawi yopita ku nzimbe inakwana. Anzake anamudzera, zikwama zili pamapewa. Musaione mopepuka nkhani iyi, abale. Ntchito ya nzimbe ndiyo inkaveka ana, ndiyo inkatseka mpata pamene munda walephera. Kutsala kunali kuika zonse pa mtengo umodzi umene zaka zitatu ankautcha nkhuni. Anawatulukira pakhomo alibe chikwama. Kenaka anati, "Pitani, anzanga. Ine chaka chino nditsala. Pali chimene ndikufuna ndione ndi maso angawa."

Mvula inaleka. Tsiku lililonse ankapita kumunda kukayang'ana m'mwamba. Masiku oyamba panalibe kanthu. Kenaka m'mawa wina anaona ngati kautsi kobiriwira kunsonga kwa nthambi. Anatikita m'maso. Kautsiko sikanachoke. Mawa lake kanali katakula.

Udzu unauma. Mitengo ina ija, imene inkanyada m'dzinja, inayamba kuyoyola masamba umodziumodzi mpaka yonse inatsala yamaliseche. Moto wolusa unadutsa m'tchire n'kusiya phulusa. Mitsinje inaphwa. Chilimwe chinafika pachimake, dzuwa likuswa mtengo, mphepo ikungonyamula fumbi. Dziko lonse linali ngati lafa.

Ndipo pakati pa imfa yonseyo, msangu unali biriwiri!

Ha, abale inu! Ndikanakonda mukanauona. Nthambi zija zimene ankaziopa kuti zigwera mwana zinali zitalemedwa ndi masamba. Unachita maluwa, ndipo njuchi zinkalira m'menemo ngati mpingo ukuimba chapatali. Unabala nyemba zake zopotana, n'kumazigwetsa. Mbuzi ndi ng'ombe za mudzi wonse, zimene zinalibe kwina kodya, zinkasonkhana pamenepo, kudya ndi kugona pamthunzi.

Mkamwini anafika pansi pa mtengowo masana ena, navula chipewa. Anafunafuna pamene anatema paja. Bala linalipo, mikwingwirima itatu ya nkhwangwa yake, yomatidwa ndi utomoni. Anaikapo dzanja. Pamwamba pa bala lomwelo panali moyo wochuluka chotere, ndipo mtengo umene anautema unali ukumutchinga dzuwa. Anakhala pansi, nalira ngati mwana.

Nangondo anamupeza ali choncho.

"Nangondo," anatero, "munandiuza."

"Ndinakuuzani," anayankha mkaziyo, ndipo sanawonjezere mawu oti amuchititse manyazi. "Tafukulani pansipo muone."

Anafukula ndi zala. Dothi lake linali lakuda bii, lofewa, lonunkhira bwino, losiyana kutalitali ndi mchenga wotuwa umene ankalimbana nawo zaka zonsezi.

"Ndi masamba ake amenewo," anatero Nangondo. "Mvula ikamabwera umawagwetsa onse, kuti mbewu ipeze dzuwa pamwamba ndi chakudya pansi. Inu mumati wafa. Iwo umakhala ukudyetsa munda. Ndipo mizu yake imafika kumadzi amene saphwa." Kenaka anamulozera kamtengo kaminga kamene kanapulumuka m'mphepete mwa mzere. "Timene mumasadza tija ndi ana ake."

Munthuyu anagwira pakamwa. Khasu lomwe ankamenyera kaufiti ndi limene ankaphera mankhwala a kaufiti.

Chilimwe chonsecho anaunda mizere pansi pa msangu, kuyambira patsinde mpaka pamene nthambi zalekezera. Kamtengo kalikonse kaminga kamene anakapeza anakazika timitengo mozungulira kuti kasapondedwe. Mitambo itayamba kusonkhana, anaona ndi maso ake chimene anali asanaonepo: masamba aja akuyoyoka ngati mvula yowaza, kugwera m'mizere yake, mpaka mtengo unatsalanso nthambi zokhazokha. Ulendo uno sanaseke. Anatenga mbewu yake yabwino yonse, nadzala pomwepo.

Chimanga chinamera chakuda ndi kubiriwira, mapesi onenepa. Kodi kaufiti anatheratu? Ayi, sindikunamizani. Anamera apa ndi apo, koma wofooka, woti ankamuzula ndi zala ziwiri akudutsa. Kumizere ya kutali ija kunali psuu monga kale. Koma pansi pa mtengo chimanga chinapitirira mutu wa munthu, china chobereka ziwiriziwiri.

Malume anabweranso. Anadutsa mizere yofiira ija nkhope ili yomanga. Atafika pa msangu analowa m'chimanga, osaonekanso. Mkamwini anadikira kunja mtima ukugunda, chifukwa munda wonse sunali bwino, ndipo mawu aja anali onena za munda wonse. Patapita nthawi mkuluyo anatuluka, ngayaye zili m'mutu, chimanga chachiwisi chili m'manja. Anayang'ana m'mwamba ku nthambi zotuwa zija, nayang'ana mkamwini.

"Akamwini," anatero, "bulangete lija lisiyeni pomwe lili."

Ndipo anakhala. Timisangu tija tinakula pang'onopang'ono, monga imakulira mitengo. Chaka ndi chaka nthaka yakuda inkafutukuka, kufiira kuja n'kumabwerera m'mbuyo. Anakalamba akuzulabe kaufiti, koma sanagonenso ndi njala chifukwa cha iye.

Tsono abale anga, ndani pano alibe kaufiti wake? Wina ndi mkwiyo. Wina ndi botolo. Wina ndi khomo la eni limene mapazi ake analizolowera. Mwazula, ndikudziwa kuti mwazula. Mwalumbira, mwalira, mwasala kudya, ndipo wameranso. Si kuti ndinu aulesi. Nthaka ndiyo yanjala.

Vuto ndi lakuti ambirife Yesu timamudziwa theka lokha. Timadziwa wa Lachisanu, wopachikidwa, woikidwa m'manda. Timamumvera chisoni, kumuimbira nyimbo, kenaka n'kukaunda mizere yathu kutali. Amayi aja a m'Baibulo atathamanga kuchokera kumanda kukanena kuti ali moyo, amuna anayesa nkhambakamwa. Koma anauka! Zipsera zimene tinamutema zilipo mpaka lero, ndipo ali moyo. Imfa yake ndiyo chakudya cha nthaka yanu. Mphamvu imene inamutulutsa m'manda sinatsale m'mandamo. Ikufuna mizu yanu.

Sindikunena kuti lekani kuzula. Ndikunena kuti sunthani munda. Dzalani moyo wanu pafupi ndi Iye, ndipo tating'ono timene akumeretsa mwa inu, kapemphero kofooka, kamanyazi ka pa tchimo, kanjala ka Mawu ake, musatisadze.

Tchimo limene lakukanikani zaka zonsezi silinagonjetsepo munthu amene anadzuka kwa akufa. Lakhala likulimbana ndi inu nokha, n'chifukwa chake likupambana. Likamabweranso, lisakupezeni muli nokha.