Tsempho la Mwezi wa Njala

Panali mayi wina wosoka zovala, dzina lake Nachisale, amene sankaona chinthu n'kungochisiya osafunsa. Anyezi amamuliritsa bwanji munthu? Mkaka umasasa chifukwa chiyani? Anthu ankangomuseka.

Chaka china, mu Febuluwale, m'nkhokwe mulibe kanthu, mwana wa mkulu wake anatupa miyendo ndi masaya. Tsitsi linafiira. Abale anasonkhana pakhonde, ndipo malume awo sanachedwe kugamula. Anati limeneli ndi tsempho: bambo ake a mwanayo, mkamwini wofatsa, ayenda ndi mkazi wina, ndiye amudula mwana. Mkamwiniyo analumbira mpaka misozi. Palibe anamumvera.

Anakangana masiku awiri, mwana ali gone pamphasa, mawu olirira akumuthera. Nachisale analephera kupirira.

"Malume, ndifunse nawo," anatero. "Ana atatu atupa m'mudzi muno mwezi uno. Chaka chatha zinali chimodzimodzi. Nthawi yokolola sitiona mwana wotupa. Kodi amuna akuno amachimwa nthawi ya njala yokha?"

"Khala chete iwe!" anakalipa malumewo. "Pano tikukamba za mwambo, osati za makina ako osokera. Wabadwa liti?"

Ambiri pakhondepo funsolo linawalasa, koma anangowerama. Nachisale anaimirira ndi mkwiyo. Anatenga nsalu, kubereka mwanayo, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala, mvula ikumukwapula.

Kumeneko namwino anadina phazi la mwana ndi chala, ndipo panatsala kadzenje.

"Akudya chiyani mwanayu, mayi?"

"Phala lamadzimadzi, kamodzi patsiku."

"Matenda ake ndi amenewo. Ndi njala iyi."

Anamugoneka, n'kumamupatsa mkaka, kenaka chiponde. Patatha milungu itatu, Nachisale anabwerera naye kumudzi, mwanayo akuseka. Koma bambo a mwanayo sanawapeze. Abale anali atawathamangitsa tsiku lomwe lija, zovala m'thumba, dzina litaipa. Analowera ku maesiteti a fodya ndipo sanabwerenso. Ogamula aja sanapepese ngakhale pang'ono. Ankayenda chifuwa patsogolo, akuti mwana wachira chifukwa wolakwa wachoka. Ndipo mwanayo anakula akuuzidwa kuti bambo ake anafuna kumupha.

Tsono inu mwakhala panonu, ndikufunseni. Ndi kangati mwatseka munthu pakamwa chifukwa ndi wamng'ono kwa inu, kapena ndi mkazi, kapena funso lake lakuchititsani manyazi? Mwambo umene ukuopa kufunsidwa, dziwani kuti ukubisa kanthu. Ndipo ndikakumbuka nkhaniyi sindikwiyira malume okha ayi. Ndimakwiyira kwambiri aja anamva kuti funso n'loona, koma anawerama. Munthu wosalakwa anachotsedwa pabanja pake iwo akuyang'ana pansi.