Funso Limene Shehe Matola Anabweza

Tsiku lina itatha swala ya masana, mphwanga Jafali anafika ku madrasa kwathu ku Namwera atachita tsinya. Jafali amapanga mapulogalamu a pakompyuta, ndipo masiku amenewo ankayenda ngati nzeru zonse za m'boma la Mangochi zili m'chikwama chake.

Anapereka salamu kwa Shehe Matola, mphunzitsi wathu wamkulu, n'kufotokoza vuto lake. Mayi Asiyatu, mwini hadiweya yaikulu ku Liwonde, anamupatsa ntchito yopanga pulogalamu yoonera katundu wa m'sitolo. Jafali anacheza nawo kamodzi kokha, n'kukadzitsekera m'nyumba kwa miyezi. Atabweretsa pulogalamuyo, mayiwo anati si zimenezo. Iwo ankafuna kudziwa katundu amene watsala pang'ono kutha lole isananyamuke kukapikula ku Limbe, komanso ankafuna kuziona pa foni, poti pakompyuta sakhalapo. Tsopano ankati ntchitoyo aipereka kwa ena. Inali ntchito yake yoyamba yaikulu, ndipo ikanamupulumuka, palibe wa bizinesi ku Liwonde amene akanamuitananso.

“Shehe,” anatero Jafali, “kodi n'zololedwa kumusiyira ntchito munthu wosinthasintha mawu?”

Shehe, Allah awasunge, ali ndi chizolowezi chimene chimatopetsa anthu opupuluma: sayankha funso asanalibweze kwa mwini wake. Ndiye anati, “Ngati ndamva bwino, mwanangu, mukufuna kuisiya ntchitoyi.”

Jafali anati ayi, kuisiya sakufuna. Chimene akufuna n'choti mayiwo alandire zimene iye wapanga.

“Ndiye kuti mukufunsa njira yowakakamizira kulandira chinthu chimene sichiwathandiza.”

Jafali anakananso, koma mawu anali atatsika. Ine mpaka ndinamumvera chisoni. Kenako anaulula kuti ngakhale tsopano sakudziwa bwino zimene mayiwo akufuna, ndipo akuopa kukafunsanso, kuti angaoneke ngati sadziwa ntchito. Mpaka lero ndimayamika Allah kuti anafikira kwa Shehe osati kwa ine, chifukwa ine ndikanayankha funso loyamba lija, mwina n'kumulimbikitsa kuti aisiyedi. Ntchito ija Jafali anaimaliza, ndipo ana ake akudyera pomwepo. Iye amati chimene chinamupulumutsa ndi mawu amene Shehe ananena tsiku limenelo.

Shehe anamwetulira n'kunena kuti, “Ine za makompyuta sindidziwa, mwanangu. Koma taonani: inu ndinu wophunzira, vutoli ndi lanu, mwagona nalo n'kudzuka nalo, komabe funso lanu lenileni simunalidziwe mpaka nditakubwezerani. Nanga mayi aja akanadziwa bwanji zonse zimene akufuna tsiku loyamba? Pitani mukakhale nawo m'sitolo. Chilichonse chimene anene, muziwabwezera m'mawu anu. Akati ayi, muziyamika Allah kuti ayiyo wabwera musanapange chinthu. Akati ‘eya, n'zimenezo,’ pamenepo mutsegule kompyuta yanu.”