Mkuwa wa Ana a Chimwaza

Kalekale, m'mbali mwa mtsinje wa Namilulu munali fakitale yophika utoto wa zitenje. Ndikuuzani monga anandiuzira Mayi Nasimango amene ankatunga madzi pamenepo, ndipo Mulungu andithandize ndisawonjezerepo kanthu.

Zotsalira za mankhwala aukali zinkathera mumtsinje. Nsomba zinkayandama, ana ankatuluka zilonda. Boma linalamula kuti mvula ikadzayamba madziwo asanayere, fakitale idzatsekedwa, antchito makumi asanu n'kubwerera kumudzi.

Mwini wake, bambo Chimwaza, anaitana ana awo atatu naika kiyi patebulo. "Wopulumutsa mtsinje ndi fakitale, kiyi uyu ndi wake."

Woyamba kubadwa, Zondani, anabweretsa ufa wa mkuwa. "Mkuwa uli ngati nkhoswe, bambo. Umagwirizanitsa mankhwala awiri popanda moto waukulu kapena poizoni, iwo n'kutsala momwe unalili." Utoto unatulukadi wowala. Koma pophika kachitatu, ufawo unagwirana zibuma n'kusiya kugwira ntchito.

Mng'ono wake, Kalinde, anaseka. "Achimwene, nkhoswe yanu yatopa ukwati usanafike patali!" Iye anawotcha zitsononkho za chimanga, namwaza mkuwa m'timaenje ta makalawo kuti usagwirane. Analephera kambirimbiri, manja anada bii, koma sanasiye mpaka mkuwa unapirira kuphika maulendo zana. Antchito anavina.

Mlongo wawo, Siyeni, sanavine nawo. Anatunga madzi otuluka m'paipi ya fakitale, naikamo matemba amoyo. Pofika masana onse anali atafa.

"Alongo anga, mkuwa ukusungunukira m'madzi. Tangosintha poizoni, sitinamuchotse."

"Iwe, sukuona mitambo? Khala chete!" anatero Kalinde.

"Ine madzi opha matemba sindingamwetse mwana wa munthu."

Milungu itatu Siyeni anayeza, mpaka anapeza kuti asidi wa mu utoto ndiye ankadya mkuwawo. Anathetsa ukali wake ndi ufa wa laimu, ndipo matemba anasambira. A boma anafika kutatsala masiku awiri kuti mvula igwe, napeza madzi oyera.

"Popanda ine, mkuwa mukanaudziwa?" anatero Zondani.

"Popanda ine, ukanafa pophika kachitatu," anatero Kalinde.

Siyeni anangoloza ana amene ankasamba padooko.

Mayi Nasimango akuti bamboyo anagwira kiyi, nagwada kupempha nzeru, ndipo anadzuka kiyiyo akadali m'manja mwake. Kiyi ndi mmodzi, abale anga. Mukanakhala inu, mukanamuika m'manja mwa yani?