Mpanda Wopanda Potulukira Madzi

Panali bambo wina mumzinda wa Zomba amene ankakhala m'nyumba yakale, pamalo otsetsereka m'munsi mwa phiri. Nyumbayo inazingidwa ndi mpanda wamiyala, womangidwa agogo ake asanabadwe. M'munsi mwa mpandawo omanga anasiya timabowo, kuti madzi amvula ochokera kuphiri azitulukira pamenepo.

Mkazi wa bamboyu anadwala matenda amgonagona. Mwamunayo ankamusambitsa yekha, kumudyetsa yekha, kuchapa nsalu zake yekha. Anatopa, abale anga, kutopa kofika m'mafupa. Koma ntchitoyo sinamulemetse ngati maso a anthu. Ana apamsewu ankagona chafufumimba n'kumasuzumira pa timabowo, kenako n'kukauza amayi awo zoti aona zofunda zambiri pachingwe. Akatuluka kukagula sopo, a Nangondo oyandikana nawo ankamuimitsa.

"Odwala agona bwanji, bambo? Tibwere tidzakuthandizeniko kuchapa?"

"Akupezako bwino, mayi. Musavutike."

Ankanama, ndipo a Nangondo ankadziwa kuti akunama. Komatu munthu sungamulowere m'nyumba mwake mokakamiza.

Tsiku lina, chilimwe chikutha, bamboyo anagula simenti n'kumata timabowo tonse. Mtima wake unakhala pansi, poti tsopano panalibenso diso losuzumira.

Mvula yoyamba inangonyowetsa fumbi. Yachiwiri inagwa masana, yamphamvu, phiri lonse likukhuthulira madzi pabwalo pake. Madziwo anafika pampanda, anasowa potulukira, n'kubwerera. Anakwera pakhonde, analowa m'nyumba, anafika pamene panagona wodwala. Bamboyo anayesa kumunyamula, koma mikono yotopa ija inakana. Anaitana, mawu ake anathera m'kati momwemo.

Kenako mpanda wakumunsi unagwa, uja unaima zaka zonsezo osapendekeka. Miyala inagubuduka mpaka pamsewu. Anthu atathamangirako, anaona zonse zimene ankabisa: mayi woonda ngati bango ali m'matope, mwamuna wake atamugwira mutu kuti asamwe madzi. A Nangondo anavula chitenje chawo n'kumufunditsa wodwalayo, amuna anayi anamunyamula.

Abale anga, ine ndatopa nako kuyenda m'makomo mwanu n'kumamva kuti "tili bwino." Ndikaona maso anu ndimadziwa kuti simukugona. Sindikunena kuti mugwetse mpanda, ayi, nyumba imafuna ulemu wake. Koma siyaniko kabowo. Pakhale munthu mmodzi amene mungamuuze kuti zinthu zakuvutani. Mavuto sasiya kubwera chifukwa choti mwatseka pakamwa, amangodzaza m'kati. Ndipo tsiku limene mudzagwe, tidzabwerabe ife tomwe, kudzakutolani pamaso pa msewu wonse.