Chule wa M'mimba mwa Bambo Kachingwe

Kalekale ndithu, chipatala china chakumudzi chitangolandira kumene mlangizi wa za maganizo, kunali Bambo Kachingwe, okonza njinga, amene ankalumbira kuti m'mimba mwawo muli chule. Anasiya kudya poopa kumunenepetsa, mpaka thalauza ankachita kumanga ndi mphira wa chubu.

Atapita kuchipatalako, dokotala, Bambo Msowoya, anawapima paliponse.

"Chule mulibe, bambo, koma magazi akuthamanga koopsa. Mukanachedwa mukanagwa nawo."

Anawapatsa mankhwala, nawauza kuti alowenso chitseko chachiwiri akacheze ndi mlangizi.

"Kwa amisala? Ineyo?" Bambo Kachingwe anatola chipewa chawo, ulendo wa kunyumba.

Namwino, Mayi Nankhoma, anawathamangira nawapeza pageti.

"Bambo, mukumusiyiranji katswiri wa achule? Ali m'chipinda chachiwiricho. Dzulo lomweli watulutsa awiri, wina wamkulu ngati papaya!"

Linali bodza lamkunkhuniza, koma Bambo Kachingwe anabwerera liwiro, dzanja lili pamphira.

Mlangiziyo, Mayi Phambala, sanaseke. Anawapatsa mpando, nawafunsa kuti, "Chuleyu anayamba liti kulira, bambo?"

"Mwezi womwe tinaika mayi a kunyumba."

Atangonena zimenezi, misozi yomwe anaibisa pamaliro, poopa kuti anthu angati mwamuna wanji, inatuluka yonse. Potuluka m'chipindamo anamva njala. Anagula zitumbuwa pageti nadya mpaka wogulitsa anachita mantha. Kuyambira pamenepo ankabwera kudzacheza ndi mlangiziyo, kwinaku akumwa mankhwala a dokotala.

Atachira, anatulukira ndi nkhukundembo yaikulu pakaliyala.

"Iyi ndi ya amene anandipulumutsa. Koma isaphedwe ayi, inali ya malemu."

"Popanda mankhwala anga, bwenzi tikuimba nyimbo za maliro," anatero dokotala.

"Mankhwala anuwo akanaumitsa misozi?" anafunsa mlangizi. "Munthu akanafa ndi njala, mapiritsi ali m'thumba."

"Nonse awiri munamutaya pageti," anatero namwino. "Amene anachimwa ndi bodza kuti munthu abwerere ndani?"

Bambo Kachingwe anayang'ana uyu, nayang'ana uyo, nkhukundembo ikuwajompha pamkono, odwala pabenchi atagawikana kale patatu.

Nanga inu mukuti bwanji? Nkhukundemboyi ipite kwa amene anapima, kwa amene ananama, kapena kwa amene anamvetsera?