Silika wa Dona ku Dedza

Mmwenye wina, Valji, anali ndi sitolo ku Dedza. Tsiku lina mkazi wa Bwana DC analoza mpukutu wa nsalu ya silika nati, "Mawa undipatse wonsewo ngati mphatso. Ukakana, mwamuna wanga atseka sitolo ino."

"Ndikane ndine yani, Dona?" anatero Valji.

Madzulo Nachisale, wochapa zovala za Donayo, anadzagula mchere. Valji anadulako kansalu pampukutupo namupatsa ngati basela.

M'mawa Dona anafika, Nachisale ali pambuyo kudzasenza mphatso ija, kansalu ka silika kaja atamanga duku, lili neng'a kumutu.

Valji anaomba m'manja. "Ha, Dona! Mukavala inunso, tawuni yonse iziti ndinu pachibale!"

Dona anacheuka, nafiira ngati phwetekere. Anangotenga singano imodzi basi, ndipo analipira.