Mizere ya M'chiuno mwa Mwatitha

Kalekale, misewu isanalambulidwe, ulendo uli wa miyendo basi, kumudzi wina kuseri kwa mapiri kunali mbeta dzina lake Mwatitha. Anali wamkulu ndithu, wolima munda wake yekha. Tamvera bwino, mwanawe.

Kumeneko kunagwa njala ya zaka ziwiri. Anthu anaonda. Mwatitha anaonda mpaka mikanda ya m'chiuno inkatsetserekera kumapazi. Chaka chachitatu mvula inagwa bwino. Maungu anabereka, mtedza unabereka, mapira anawerama ndi kulemera. Anthu anadya, anadya, anadyanso. Pa miyezi itatu yokha thupi la Mwatitha linabwerera, n'kupitirira pamene linali kale.

Thupi linathamanga, khungu linatsalira m'mbuyo. M'chiuno ndi m'ntchafu munatuluka mizere yofiirira. Sinkapweteka. Mwini wake sanaiganizire n'komwe.

Nthawi yomweyo mwamuna wina wa kutsidya, Kachigamba, anamufunsira. Ankhoswe anakumana, chikole chinaperekedwa. Kachigamba anabwera kwao kwa mkazi kudzamanga nyumba, monga ankachitira akamwini masiku amenewo.

Tsiku lina kunafika a Nambewe, azakhali a Kachigamba, kudzaona mpongozi. Anapita ndi Mwatitha ndi amayi a m'mudzi kumtsinje kukasamba. Anayang'ana m'chiuno mwa Mwatitha, anayang'ananso, kenaka anaomba m'manja.

"Mayo ine! Mwana wa achimwene akukwatira ntchembere! Mizere iyi ndi ya mimba. Ine ndabereka asanu ndi awiri, ndikuidziwa. Iwe, mwanayo unamubisa kuti?"

"Sindinaberekepo, amama."

"Pakamwa pakukana, chiuno chikuvomera."

Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse unali utamva. Ankhoswe a kuchimuna anatumiza mawu: "Ukwati uyambe waima. Mwezi watsopano ukaoneka tidzabwera. Ngati ndi zoona, tidzatenga chikole chathu ndi mwana wathu Kachigamba."

Mwatitha anapita kwa mayi ake. Iwo anati, "Ndinakubereka ndine, ndikudziwa kuti ndi bodza. Koma mayi akamaikira kumbuyo mwana wake, ndani amamvera?"

"Ndiye ndiichotsa mizereyi," anatero Mwatitha.

Anayamba ndi kwa a Nasoko, mayi woyenga mafuta a nsatsi.

"Amama, ndipatseni mafuta ochotsa izi."

"Mafutawa amafewetsa khungu, mwanangu, koma kuchotsa sachotsa. Mizere imazilala yokha. Imafuna zaka."

"Ine ndilibe zaka. Ndili ndi mwezi umodzi."

Anadzola m'mawa, anadzola madzulo. Khungu linasalala, khungu linawala. Mizere ili pomwepo.

Mnzake wina anati, "Ukhule ndi mwala uja timakhulira mapazi." Anakhula, anakhula, mpaka magazi anatuluka. Masiku asanu anayenda motsimphina. Bala linapola. Mizere ili pomwepo.

Kenaka kunadutsa munthu wapaulendo, wa thumba lachikopa paphewa. Iye anati, "Zimenezo n'zazing'ono. Sakaniza phula la njuchi ndi katondo, upake." Mwatitha anapaka, mizere inabisika. Anayenda mutu uli m'mwamba mpaka kumtsinje. Atangolowa m'madzi, katondo yense anasungunuka, madzi anafiira.

Amayi anaseka. Wina anati, "Ngati alibe chobisa, akudzimatiranji ngati khoma?"

Tsopano ngakhale amene ankakayika anayamba kukhulupirira.

Nanga Kachigamba? Iye sanachoke, koma sanayankhulenso. Ankangodula nsichi, kusenza, kuzika.

Mwatitha anamufunsa, "Inuyo mukuti bwanji?"

"Ine ndikumanga nyumba. Zinazo ndi za akuluakulu."

Mawu amenewa anamupweteka kuposa mwala uja.

Kutatsala masiku awiri kuti mwezi uoneke, dzuwa linaswa mtengo. Mwatitha anamupititsira madzi akumwa. Anamupeza atavula nsalu ya paphewa, manja ali m'mwamba, akukweza mtanda wa denga. Mwatitha anaima chilili. Pamapewa pa Kachigamba, kutsikira cha kukhwapa, panali mizere yofiirira. Yomweyo, yosasiyana.

"Izi zinayamba liti?"

Kachigamba anadziyang'ana. "Izi? Chaka chomwechino. Kudya kwambiri ndi kusenza nsichi, mapewa anangofutukuka."

Mwatitha anatenga chikho chake n'kubwerera.

Tsono umve, mwanawe. Masiku amenewo mbeta sinkatsutsana ndi akuluakulu maso ndi maso. Koma pamtondo mkazi ankaimba chilichonse cha kumtima kwake, ndipo nyimbo ya pamtondo sinkazengedwa mlandu. Ha, midzi ya masiku amenewo! Ukamadutsa m'njira unkadziwa nkhani zonse za m'mudzi pongomvera minsi.

Mwezi unaoneka. M'mawa mwake ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mkuyu. A Nambewe anakhala patsogolo, miyendo atatambalala.

Mwatitha anagubuduza mtondo mpaka pafupi ndi mkuyuwo. Sanadzole mafuta, sanapake katondo. Anamanga nsalu motsitsa, mizere yonse ya m'chiuno ili poyera. Anathira mapira, ananyamula munsi. Gu! Gu! Gu!

"Mizere yangayi ati n'ja mwana, dee,
mizere yangayi ati n'ja mwana.
Nanga ya paphewa pa a Kachigamba,
mwana wawo akuyamwa kuti?
Azakhali tiuzeni,
anachira liti mwana wanu?"

Gu! Gu! Gu! Anabwerezanso. Amayi amene ankapeta chapafupi anaipolokera. Atsikana ochokera kumadzi anatula mitsuko n'kuyamba kuomba m'manja.

Amalume a Mwatitha, amene anali nkhoswe yake, anakodola Kachigamba. "Mkamwini, tabwerani. Tatiyeni tione mapewawo."

Kachigamba anabwera akukoka miyendo. Anachotsa nsalu. Anthu anayandikira, anayang'ana, kenaka bwalo lonse linafa nacho chiseko.

Nayo nkhoswe ya Kachigamba inagwira pakamwa. "Mphwanga, wachira osatiuza? Ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

A Nambewe anati, "Za amuna ndi zina!"

A Nasoko a mafuta aja anayankha ali chikhalire. "Khungu ndi limodzi, mayi. Likakokedwa mofulumira limalemba. Mimba imalikoka, inde. Kunenepa kumalikoka. Kukula msanga kumalikoka. Ntchito yolemetsa imalikoka. Inu mwabereka asanu ndi awiri, koma ine ndadzoza anthu a mudzi uno kuyambira ndili mtsikana."

Mtsikana wina anakweza dzanja kuonetsa kumkono kwake. Wina anaonetsa kuseri kwa bondo. Mkulu wina wa chimimba anangokoka nsalu yake n'kudzifunditsa, anthu n'kusekanso.

Ankhoswe a kuchimuna ananong'onezana, kenaka anati, "Talakwa ndife. Ukwati upitirire."

Koma munsi sunaleke. Gu! Gu! Gu!

Amalume anati, "Mwatitha, wamva? Ukuti bwanji?"

Mwatitha anaimika munsi. Anagwada mwaulemu, koma mawu ake anamveka mpaka kumakola.

"Malume, dzina langa linaipitsidwira kumtsinje. Amene analiipitsa akalitsuke komweko, amayi onse akumva."

A Nambewe anayang'ana uku, anayang'ana uko. Panalibe wowathandiza. "Ndipita," anatero chapansipansi.

"Ndipo awa," anatero Mwatitha akuloza Kachigamba ndi chibwano, "yankho anali nalo pamapewa mwezi wonse, koma pakamwa analibe."

"Ndinkaopa azakhali," anatero Kachigamba.

"Ndiye lero muyende mudzi wonse, khomo ndi khomo, mapewa ali poyera. Amene anamva za ine aone za inu. Mukatero mubwere mudzafolere nyumba."

Kachigamba anayenda. Khomo ndi khomo anayenda. Pakhomo lililonse amayi ankafunsa, "Mwana ali bwanji, a Kachigamba?" Poyamba ankazyolika. Pofika pakati pa mudzi anayamba kuyankha, "Ali bwino, akukwawa!" Pofika kumapeto ankanena yekha asanafunsidwe: "Mkazi wanga ananamiziridwa, ine ndinakhala chete. Ndinalakwa."

Masana omwewo a Nambewe anaima pamwala kumtsinje, amayi onse ali pomwepo. "Ndinanama ndine. Mwana uyu sanaberekepo."

Mwatitha analowa m'madzi pakati pa onse, osabisa kanthu, ndipo anasamba mosafulumira.

Nyumba inafoleredwa, ukwati unachitika. Mizere ija m'kupita kwa zaka inazilala, inayera, koma sinachoke. Mwatitha sanaifunirenso mankhwala. Mafuta a nsatsi ankadzola ndithu, koma chifukwa choti ankakonda khungu losalala.

Tsono iwe, ukaona chizindikiro pathupi la mnzako, usathamangire kunena kuti ukudziwa kumene chinachokera. Ndipo chikakhala pathupi lako, usadzichotse magazi pofuna kukondweretsa pakamwa pa anthu. Khungu lako linakusunga pa njala, linakusunga pa zokolola. Yenda nalo mutu uli m'mwamba.

Ine nthano yanga yathera pomwepa.